Dzimwe tiilemekeze idakalankhula

Chaka chimene agogo anga aamuna anamwalira, kumudzi kwathu kwa Nankumba kunalibe munthu wa foni. Anatsirizika m'bandakucha. Amalume awiri anali kunyanja, mmodzi ku Msaka, wina atawolokera tsidya la Makanjira kutsata usipa, ndipo panalibe wodziwa dooko lenileni limene anakocheza. Akuluakulu atakambirana pansi pa mtengo wa mango, anang'amba pepala m'kope langa la masamu. Aphunzitsi ena a pamudzipo analembapo dzina la malemu, mudzi, mfumu ndi tsiku loika. Msuweni wanga anapinda kapepalako kanayi, nakaika m'thumba la malaya, n'kupalasa njinga mpaka ku nyumba youlutsira mawu ku Monkey Bay. Madzulo ake dzina la agogo linatuluka m'kawailesi kamene tinakakhazika pa mtondo pakhonde, ndipo amayi amene anali ataleka kulira anayambiranso. M'mawa mwake dzuwa lisanafike paliwombo amalume onse awiri anali atafika, mchenga udakali kumapazi. Wa ku Makanjira uja sanaumve yekha uthengawo. Anaumva ndi mayi wina wogula nsomba, amene anayenda dooko lonse akufunsa kuti mwana wa auje ndi uti.

Wailesi imeneyo inali Dzimwe. Ndaikumbuka lero chifukwa ife a Malawi timadziwa kutamanda chinthu chikagona m'bokosi. Tsiku limene Dzimwe idzazime osayakanso, nduna idzatumiza uthenga wa chipepeso, mabungwe adzalemba pa Facebook kuti tataya chuma, ndipo ife amene tinakulira m'mawu ake tidzatumizirana zithunzi zakale pa WhatsApp. Akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Ine ndikuti tichiyeze madzi adakalimo.

Achinyamata amene anabadwa n'kupeza mawailesi ali mbwee sangamvetse msanga kukula kwa chimene chinachitika mu 1998. Kuyambira 1964, kwa zaka zoposa 30, dziko lonse linkatunga pamodzimodzi, ku MBC. Sindikuinyoza ayi. Tinaseka ndi Kapalepale, tinkadzuka ndi Tadzuka Sitidziwa Anzathu, ndipo alimi anatola nzeru zambiri pa mapologalamu a zaulimi. Koma mawu ankachokera ku Chichiri, likulu la MBC mu Blantyre, n'kutigwera ngati mvula, ndipo mvula suiyankha. Nkhani zinkayamba ndi Ngwazi n'kuthera kwa Ngwazi. Dzina la kwathu linkamveka nduna ikabwera, Ilala ikavuta, kapena ng'ona ikagwira munthu. Mu 1968 chipani cha MCP chitagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo chinabwereranso mu 1994 boma litasintha. Anthu olankhula Chiyao, amene ndi ochuluka m'boma la Mangochi, anadikira mpaka 1996 kuti amve nkhani m'chilankhulo cha amayi awo, komabe zinali mphindi zochepa patsiku, zomasulira zimene ena analemba kale m'tauni.

Ndiye mu 1998, chaka chomwecho chimene Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo limene linabala bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga la MACRA, amayi atolankhani a m'bungwe la Malawi Media Women's Association, mothandizidwa ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anakatsegula nyumba youlutsira mawu ku Lusumbwe, kumene ambiri timangoti ku Monkey Bay. Akanatha kusankha Blantyre kapena Lilongwe kumene kuli otsatsa malonda. Iwo anasankha dera la asodzi, la amayi oyanika usipa pa thandala, kumene atsikana ambiri ankasiyira sukulu panjira, n'cholinga choti mayi wa kumudzi azilankhula yekha za moyo wake. Imeneyi ndiyo inali wailesi ya m'dera yoyamba m'dziko muno. Capital FM, Radio Maria ndi kanema wa TVM zonse zinabwera mu 1999. Zodiak, imene lero ndi chimphona, inayamba mu 2005, Dzimwe ili kale ndi zaka 7. Kunena mosapsatira, anthu a kwa Nankumba anali ndi wailesi yawoyawo dziko lisanakhale ndi kanema wake. Ya ku Nkhotakota mu 2003, Mudziwathu ku Mchinji, ya ku Mzimba ndi zinzake zinadzayenda m'njira imene Dzimwe inalambula.

Mphamvu ya wailesi yotereyi ili pa chitseko chake. Nyumba zikuluzikulu zoulutsira mawu zili ndi mpanda, mlonda ndi buku lolembamo mayina a alendo. Wailesi ya m'dera munthu amangofika, n'kutsamiritsa njinga pakhoma, n'kuodira. Muulutsi wake umakumana naye kuchigayo. Mkazi wake amatunga pa mjigo umodzi ndi mkazi wako, ana ake amaphunzira kalasi imodzi ndi ako. Akanena bodza m'mawa, masana wina amupeza pamsika n'kumugwira mkono: "Achimwene, zija mwanena zija mwazitenga kuti?" Palibe bungwe loyang'anira atolankhani limene lingaopsye muulutsi kuposa apongozi ake amene akumva pologalamuyo ali pakhomo. Ku Chipata m'dziko la Zambia, tsidya la malire, anthu anakhala zaka akulembera makalata Gogo Breeze, muulutsi wa wailesi ya Breeze FM, imene a Mike Daka anaiyambitsa mu 2002, kumuuza za kukanidwa malipiro, za malire a munda, za ukwati wogwedezeka. Ankamulembera ngati gogo wawo weniweni chifukwa ankamuona akuyenda m'midzi mwawo, atakhala pa mphasa zawo.

Kunyanja nkhani imeneyi ndi ya moyo ndi imfa. Miyezi yozizira mwera ukayamba, nthambi ya zanyengo imatulutsa chenjezo ku Blantyre. Chenjezo limenelo likakhala pa pepala kapena pa intaneti silinathandize munthu. Limayamba kugwira ntchito wina akalinena m'Chichewa ndi m'Chiyao, akutchula Chembe, Msaka ndi Malembo, pa ola limene asodzi akusoka maukonde n'kuthira mafuta m'nyali, kawailesi katakulungidwa m'jumbo kuopa madzi. Mwini chilimira akamva amauza anyamata ake kuti lero tigone kumtunda. Amene apulumuka motero sawerengedwa ndi munthu aliyense, popeza bwato limene silinamire silikhala nkhani.

N'chimodzimodzinso November akafika, pamene boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane. Ofesi ya zansomba imatha kumata chidziwitso pa mtengo, makomiti a m'madooko n'kuyenda ndi mfumu kulanda maukonde oletsedwa. Koma msodzi ali ndi funso limene wakhala nalo kwa zaka zambiri: bwanji lamulo limaluma ife a mabwato pamene zombo zikuluzikulu zimakokolola nyanja? Funso lotere likasowa kolowera limasanduka kuba usiku. Likalowa mu situdiyo, wa zansomba n'kuitanidwa kuti ayankhe anthu akumva, mwina silithetsa mkangano, koma munthu amagona atanena zake. Ndipo pali nkhani zimene poyamba zinkanenedwa monong'ona, monga ya amayi ogula nsomba amene asodzi ena amawauza kuti usipa ulipo pokhapokha agone nawo. Kuti mayi anene zotere ndi pakamwa pake dera lonse likumva, pamafunika wailesi imene iye amaiona ngati yake.

Njira ya magulu omvera wailesi ndiyo imandisangalatsa kwambiri, ndipo ambiri a m'tauni saidziwa. Anthu khumi kapena makumi awiri amakumana pansi pa mtengo tsiku lodziwika, n'kumvera limodzi pologalamu. Ikatha amakambirana, kenaka amajambula mawu awo, kale pa kaseti, masiku ano pafoni: mjigo wathu unafa chaka chatha, kuchipatala mankhwala a malungo kulibe, mlatho uja unakokoloka. Mtolankhani amanyamula mawuwo n'kukawaseweretsa pamaso pa mkulu woyenera kuyankha, n'kujambulanso yankho lake, ndipo zonse ziwiri zimaulutsidwa pamodzi. Mkulu amene wanena pa wailesi kuti mjigo ukonzedwa mwezi uno wadzimanga yekha chingwe, chifukwa mwezi ukatha amayi aja ajambulanso.

Ndikudziwa zimene ena akunena pofika pano: wailesi ndi ya makedzana, anthu ali pa foni. Ali ndi mfundo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi nyumba imodzi yokha mwa zitatu ndiyo inali ndi wailesi, pamene nyumba zoposa theka zinali ndi foni ya m'manja. Koma kalembera yemweyo anaonetsa kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo nyumba zofikira intaneti sizinakwane n'komwe imodzi mwa zisanu. Komanso wowerenga anthu akafunsa kuti muli ndi wailesi, mayi amaganiza za bokosi la mabatire lija, osakumbuka kuti kafoni kake ka mabatani kali ndi FM ndipo amakamvera tsiku lonse akupalira. Kumvera koteroko sikudya mayunitsi. Wailesi imodzi pa golosale imamvedwa ndi bwalo lonse la bawo.

Ndipo foni imene tikuitamayo ilibe chitseko. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu osalakwa anaphedwa. Katemera wa Covid-19 atabwera mu 2021, mauthenga a mawu ankayenda foni ndi foni kunena kuti wobayitsa sadzabereka. Kolera imene inayamba mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi n'kukhala limodzi mwa maboma okhudzidwa koopsa, ndipo kunali ena okana kupita kumisasa ya odwala poopa kuti akawabaya jakisoni wa imfa. Uthenga wa pa WhatsApp sudziwika mwini wake, sungamupeze kuchigayo n'kumufunsa. Chimene chimatha kulimbana ndi bodza lotere ndi mawu a munthu wodziwika: namwino wa pa chipatala chanu, shehe wa pa mzikiti wanu, amfumu anu, akulankhula pa wailesi imene inalengeza maliro a bambo anu osalakwitsa dzina.

Tsono taonani mmene timalemekezera nyumba zimenezi. Ndinaitanidwapo ku chikondwerero cha wailesi ina ya m'dera, m'boma lina limene sinditchula. Anakhoma tenti, anabwereka mipando ya pulasitiki kutchalitchi, aulutsi onse atavala malaya a nsalu yosindikiza chizindikiro cha wailesiyo, imene ndinamva kuti anagula ndi ndalama za m'matumba mwawo. Mlendo wolemekezeka anafika mochedwa ndi maola atatu, ana a sukulu ovina atafooka ndi dzuwa. Anaimirira n'kunena kuti wailesi imeneyi ndi maso ndi makutu a chitukuko. Ali pakati pa mawuwo magetsi anathima. Mnyamata wina anathamangira kuseri, tinamva jenereta ikutsokomola kawiri, kenaka zii. Munalibe mafuta. Wailesi imene inkaulutsa chikondwerero chake chomwe inazima, pamene panja galimoto zinayi za alendo zinali chilirire kuti madalaivala asamve kutentha. Keke inadulidwa ndithu, zithunzi zinajambulidwa. Mtsikana wina wowerenga nkhani anandinong'oneza kuti watha miyezi isanu osalandira ngakhale ya sopo.

Si nkhani ya wailesi imodzi. Wailesi ya m'dera siiloledwa kuchita phindu ngati kampani, komabe imalipira magetsi, mafuta, ndi chiphaso ngati wina aliyense. Makasitomala ake ndi mwini golosale, wogulitsa mbewu nyengo ya dzinja, ndi wamasiye wobwera ndi kapepala ka maliro. Makampani a mafoni ndi mabanki amapereka malonda awo ku mawailesi omveka dziko lonse, ndipo zikatsikira kumudzi zimakhala nyenyeswa. Chipangizo chikapsa ndi mphenzi, china chimachokera kunja, pa mtengo wa dola. Malipiro a chiphaso nawonso anamangiriridwa ku dola, choncho kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ngongole inakula yokha popanda munthu kubwereka kanthu. Mu 2022 tinaona MACRA ikulanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu chifukwa cha ngongole zoterezi. Lamulo ndi lamulo, koma mwini wailesi ya malonda mumzinda ndi komiti ya anthu a m'mudzi sangasenze mtolo ndi khosi lofanana.

Njala imeneyi ili ndi zipatso zake zoipa, ndipo wokonda mawailesi a m'madera asazibise. Ndikamayenda m'maboma ndimatchera, ndipo nthawi zina ndimachita manyazi. Ola lina ndi la bungwe lakuti, lotsatira ndi la bungwe linanso, onse akulankhula Chichewa cha m'maphunziro a kuhotela chimene mayi wa pa thandala sanachilankhulepo. Ndalama za polojekiti zikatha, pologalamu imafa tsiku lomwelo ngakhale anthu anali ataikonda. Pakati pake pamalowa sing'anga wolonjeza kuchiza shuga, kubweza mkazi wothawa ndi kuchulukitsa ndalama, ndipo wailesi imamulandira chifukwa ndiye yekha wolipira pompopompo. Chisankho chikayandikira phungu amabwera ndi zigubu za dizilo, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani ya mlatho wosatha uja imasowa pa ndandanda. Anyamata ena oulutsa amatsanzira a m'tauni mpaka kupotoza lilime, kuiwala kuti akulankhula ndi azakhali awo. Ndipo mayi wa kumudzi, amene zonsezi zinayambira pa iye, nthawi zambiri wabwerera pa mpando wa womvera. Zonsezi n'zoona. Koma munthu amene mwamumana chakudya simungamudzudzule kuti bwanji ukudya kwa eni.

Ndalama zothandizira zilipo, ndipo si zakunja. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, ntchito yake kufikitsa mauthenga kumadera kumene amalonda saonako phindu. Ngati pali malo oyenera thumba limenelo ndi padenga la wailesi ya m'dera: masola ndi mabatire oti magetsi akathima mawu asathime, ndi zotchinjiriza mphenzi. Khonsolo ya boma, imene imathamangira ku wailesi kukabwera katemera, kalembera wa zitupa kapena makuponi, iike mu bajeti yake ndalama ya zilengezo m'malo momapempha ulere m'dzina la chitukuko, pamene msonkhano umodzi wa kunyanja umadya maalawansi okwanira kuyendetsa situdiyo miyezi. Ndalamayo idutse pa mgwirizano wolembedwa ndi khonsolo yonse, isadutse m'thumba la phungu, chifukwa ya m'thumba imabwera ndi chingwe. Eni malo ogona alendo ku Cape Maclear, amene bizinesi yawo imadalira nyanja yaukhondo ndi mbuna za mu Lake Malawi National Park, adzifunse kuti amene amalankhula ndi anthu a m'midzi yozungulira tsiku ndi tsiku ndani. Ndipo ife ana a m'derali, amene tili ku Lilongwe, ku Johannesburg, ku Durban, timatumiza ndalama za malata ndi za maliro mosanyinyirika. Gulu limodzi la pa WhatsApp la anthu a kumudzi kwathu likhoza kulipirira pologalamu ya asodzi chaka chathunthu, osafunsa kuti dzina lathu litchulidwe kangati.

Pali chinthu china chimene chimandisowetsa tulo kuposa mafuta a jenereta. Pa wailesi ina ija ya keke, mwambo utatha ndinapempha kuona kumene amasunga zakale. Anandilowetsa m'kachipinda kosungiramo matsache. Pakona panali katoni ya makaseti, pansi pake chiswe chitadya, matepi ena atatuluka n'kupiringizana ngati matumbo a nkhuku. Zolemba pa makasetiwo zinali zitafufutika. Ndinafunsa za zimene anajambula pa kompyuta, anandiuza kuti inagwidwa ndi vairasi ndipo wokonza anafufuta zonse. M'katoni imeneyo munali mawu a mafumu amene anapita kale akulongosola malire ndi mibadwo, nyimbo za chinamwali ndi za pamtondo zimene atsikana a lero saziimba, nkhalamba zikusimba za njala ya 1949 ndi ya 2002. Mbiri ya a Malawi wamba sinalembedwe kwambiri m'mabuku. Yambiri inanenedwa pakamwa, ndipo kwa zaka zoposa 25 amene akhala akuitola ndi achinyamata ongodzipereka a mawailesi a m'madera, oyenda pa njinga ndi kachojambulira m'thumba. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale ya National Archives, ndipo masukulu a ukachenjede ali ndi ophunzira za utolankhani ndi za mbiri amene chaka chilichonse amasowa mitu ya kafukufuku. Kutumiza awiri kapena atatu ku wailesi iliyonse yakale kuti akasamutsire zotsalazo pa kompyuta, kulemba kuti akulankhula ndani, liti, kuti, n'kusunga m'malo awiri osiyana, si ntchito yofuna mabiliyoni.

Dzimwe idzakwanitsa zaka 30 mu 2028. Tenti idzakhomedwa, sindikukayika, ndipo sindidana ndi gule. Koma tsikulo lisanafike wina apite akafunefune amayi amene anayamba kulankhula pa cholankhulira chija mu 1998, amene anaphunzitsidwa kugwira chojambulira manja akununkha usipa, ndi atolankhani amene anawaphunzitsawo. Awakhazike pansi mmodzimmodzi, awafunse kuti amuna awo anati chiyani atamva mawu awo koyamba, mfumu inati chiyani, anayenda bwanji wailesi ikazima. Ena a iwo anatisiya kale. Otsalawo adzapatsidwe mipando ya kutsogolo, nduna ikhale kumbuyo kwawo.

Mwezi watha ndinali kumudzi. Azakhali anga, mlongo wa bambo, maso anayamba kuchita nkhungu ndipo sawerenganso ngakhale dzina pafoni. Ndinawapititsira shuga, sopo ndi chitenje. Analandira ndi manja awiri, nathokoza, kenaka anapapasa m'jumbomo kachiwiri. "Mwanawe, mabatire sunagule? Masiku atatu tsopano sindikudziwa amene wamwalira." Ndinabwereka njinga ya msuweni wanga uja n'kupita pa golosale.